Mafunso ndi mayankho: chonde cha m'madzi, ndere ndi nsomba za ku Cahora Bassa ndi m'madamu athu

Mlimi wa ku Angónia akaona chimanga chachita chikasu amadziwa msanga kuti nthaka yatopa. Koma madzi a m'damu akasanduka obiriwira, kapena nsomba zikayandama zitafa m'mawa, ambiri timathamangira kuganiza za poizoni kapena za munthu wanjiru. Nthawi zambiri gwero lake limakhala chonde chomwecho chimene tikuchisowa kumunda, chitasochera n'kukalowa m'madzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi a ophunzira, asodzi, oweta nsomba ndi alimi a kuno ku chigawo cha Tete.

Kodi madzi nawo amakhala ndi chonde?

Amakhala nacho. Michere imene chomera chimafuna m'nthaka ndi yomweyo imene zomera za m'madzi zimafuna. Onani thumba la feteleza lolembedwa 12-24-12: nambala yoyamba ndi ya nayitirojeni, yachiwiri ndi ya fosiforasi, yachitatu ndi ya potaziyamu. Pa michere itatuyi, iwiri yoyambirirayo ndi imene imalamula moyo wa m'nyanja. Imakhala yosungunuka m'madzi, siioneka ndi maso, ndipo pang'ono pokha imakwanira. Akatswiri amayeza fosiforasi wa m'nyanja mu tizigawo tochepa kwambiri kuposa miligalamu imodzi pa lita, koma kachulukidwe kakang'ono komweko kamasiyanitsa nyanja yoyera yokhala ndi nsomba zochepa ndi nyanja yobiriwira yonunkha.

Nanga micherewo amadya ndani, popeza nsomba siidya feteleza?

Amayamba kudya ndi ndere. Ndere zimene timaziona pamiyala ndi zazikuluzikulu. Zambiri ndi zazing'ono zedi, zoyandama m'madzi, zooneka ndi maikulosikopu basi. Pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa kaboni, zimapanga chakudya chawo n'kutulutsa okosijeni, monga mmene tsamba la chimanga limachitira. Nderezi zimadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama, tina tooneka ngati tinthata. Tizilomboto ndi timene kapenta amadya. Kapentayo amadyedwa ndi mcheni, mbalame ndi anthu. Nsomba ya pende, ya mtundu wa chambo, imadumpha sitepe ina chifukwa imatha kudya ndere zenizenizo.

Pa sitepe iliyonse chakudya chambiri chimathera pa kupuma, kusambira ndi kutuluka ngati zonyansa. Chiwerengero chongoyerekezera chimene amaphunzitsa kusukulu n'chakuti gawo limodzi mwa magawo khumi ndi limene limakafika pa sitepe yotsatira. Ndiye kuti ndere zolemera makilogalamu 1,000 zingadyetse tizilombo ta makilogalamu 100, tizilomboto tipereke kapenta wa makilogalamu 10, kapentayo apereke kilogalamu imodzi ya mcheni. N'chifukwa chake nsomba zodya zinzake sizingachuluke kuposa zodyedwazo, ndipo n'chifukwa chake oweta nsomba amakonda pende.

Chilichonse chikafa chimamira. Mabakiteriya a pansi amachiwoletsa, michere n'kubwerera m'madzi. Kuwoletsako kumadya okosijeni, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa mavuto ambiri a m'munsimu akuchokera pamenepa.

Kapenta wa ku Cahora Bassa anachokera kuti? Makolo athu sankamudziwa.

Sankamudziwa chifukwa si nsomba ya mu Zambezi. Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anamutenga kumeneko n'kumuika mu nyanja ya Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968, ataona kuti pakati pa nyanja yatsopanoyo pali tizilombo tambiri toyandama koma palibe nsomba yodya tizilomboto, popeza nsomba za mumtsinje zimakonda m'mbali ndi pansi. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa kumapeto kwa 1974, madzi anadzaza chigwa kuchokera ku Songo mpaka kufupi ndi Zumbo, mtunda wa makilomita pafupifupi 250, ndipo kapenta anatsika yekha kuchokera ku Kariba n'kupeza malo amene panalibe womupikisana naye. Usodzi wake wamalonda kuno unakula m'zaka za m'ma 1990, nkhondo itatha. Amagwidwa usiku ndi nyale, n'chifukwa chake mwezi ukawala kwambiri ntchito imavuta.

Kapenta sakhala zaka zambiri, amaswana msanga. Choncho iye ndiye amaonetsa mwachangu ngati chakudya cha m'nyanja chachepa kapena chachuluka. Mitsinje ikabweretsa michere yambiri, tizilombo timachuluka, kapenta amatsatira. Chaka cha chilala zimabwerera m'mbuyo. Kapenta akachepa ndi bwino kufunsa mafunso awiri, la kuchuluka kwa maboti ndi la mmene mvula inagwera kumtunda, osangoima pa limodzi.

Michere ya m'nyanja ya Cahora Bassa imachokera kuti?

Yambiri imabwera ndi mitsinje. Zambezi weniweni amafika atadutsa kale ku Kariba, damu limene linamalizidwa mu 1959, ndipo kumeneko matope ndi gawo lalikulu la fosiforasi zimatsalira pansi. Pambuyo pake amalandira Kafue, ndipo pa Zumbo amakumana ndi Luangwa, mtsinje wopanda damu lalikulu, umene nthawi ya dzinja umatsika uli wofiirira ndi dothi la ku Zambia. Kuchokera ku Zimbabwe kumabwera Manyame ndi Musengezi. Manyame ameneyu ndi amene amadutsa mu nyanja ya Chivero, yomwe imalandira madzi oipa a mumzinda wa Harare.

Dothi limabweretsa michere koma limatchinganso dzuwa. Mbali ya kumadzulo, kufupi ndi Zumbo, madzi amakhala amatope moti ndere sizipeza kuwala kokwanira ngakhale chakudya chilipo. Madziwo akamayenda kulowera ku Chicoa ndi ku Songo matope amadikha, kuwala kumalowa, ndere n'kuyamba kugwiritsa ntchito zimene zabwerazo. Nyanja imodzi yomweyo, ya masikweya kilomita pafupifupi 2,700, imakhala ndi madzi osiyanasiyana malinga ndi pamene mwaima.

Palinso zing'onozing'ono: ndowe za mvuu zimene zimadya udzu kumtunda usiku n'kukachita chimbudzi m'madzi, ndowe za ng'ombe, phulusa la moto wolusa logwa ndi mphepo, ndi sopo wa ochapa.

Ife a ku Ulónguè ndi ku Tsangano, feteleza wathu amakafika ku Cahora Bassa?

Ayi, ndipo ili ndi funso labwino chifukwa limatikakamiza kuyang'ana mapu. Madzi a mvula ya ku Angónia ndi madera ozungulira amatsikira mu Revúbuè, amene amathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, kunsi kwa damu. Luia naye amathira kunsi kwa damu. Choncho feteleza ndi dothi lokokoloka kumapiri kuno sizingabwerere kumtunda kukalowa m'nyanja ija.

Komabe sizisowa kopita. Zimayamba zaima m'dambo, m'chitsime cha padimba, m'damu laling'ono lothirira mbewu ndi m'dziwe la nsomba la mnansi wanu. Madzi ang'onoang'ono amenewa ndi amene amavulala msanga, chifukwa alibe kukula kosungunulira zimene zalowamo. Damu la pamudzi likhoza kusintha mtundu m'nyengo imodzi ya mvula.

Bwanji akatswiri amangotchula fosiforasi pamene michere ndi yambiri?

Pophika nsima pamafunika ufa, madzi ndi nkhuni. Mukhale ndi mtolo wa nkhuni ndi mtsuko wodzaza, koma ngati ufa ndi wa kapu imodzi, nsima idzakhala ya kapu imodzi. Chimene chachepa ndi chimene chimalamula. M'thupi mwa ndere mumakhala tizidutswa ta nayitirojeni pafupifupi 16 pa kachidutswa kamodzi ka fosiforasi, koma m'madzi ambiri a m'nyanja ndi m'madamu fosiforasiyo ndi amene amasowa, chifukwa amamatirira ku dothi ndipo mumlengalenga sapezeka ngati mpweya.

Umboni wotchuka unapezeka ku Canada mu 1973. Asayansi anagawa kanyanja kena pakati ndi chinsalu cha pulasitiki. Mbali zonse ziwiri anathiramo nayitirojeni ndi kaboni, koma fosiforasi anathira mbali imodzi yokha. Mbali ya fosiforasiyo inasanduka yobiriwira, inayo inatsala mmene inalili. Zotsatirazi zinathandiza kuti mayiko ambiri achepetse fosiforasi mu sopo wochapira ndi m'madzi oipa a m'mizinda.

M'madera otentha ngati athu nayitirojeni nayenso amatha kukhala wochepa. Koma pali ndere zina zobiriwira mobuluwira, zimene kwenikweni ndi mabakiteriya, ndipo zina mwa izo zimatenga nayitirojeni kuchokera mumpweya, momwe alimo magawo 78 pa 100 aliwonse. Fosiforasi akachuluka, izi ndi zimene zimapambana zinzake, ndipo ndi zomwezi zimene zimapanga poizoni.

Ngati chonde chimachulukitsa ndere, ndere n'kuchulukitsa nsomba, vuto lili pati?

Vuto lili pa mpweya. Mumpweya umene timapuma muli okosijeni magawo 21 pa 100. M'madzi ndi wochepa modabwitsa: lita imodzi ya madzi a madigiri 25 imasunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha, ndipo madzi akamatentha amasunga wochepa kuposa pamenepo. Nsomba, tizilombo ndi mabakiteriya onse amagawana kochepa komweko.

Chonde chikawonjezeka pang'ono, nsomba zimachulukadi. Chikapitirira, ndere zimaswana kuposa zimene tizilombo ndi nsomba zingadye. Zapamwamba zimatchingira dzuwa zapansi, zomera zomera pansi pa madzi zimafa, malo obisalamo ana a nsomba amatha. Nderezo sizikhala masiku ambiri; zimafa zambirimbiri, zimamira, ndipo mabakiteriya powoletsa amamaliza okosijeni wa pansi. Pansi pakatha okosijeni pamachitika chinthu china choipa: matope amene anali atagwira fosiforasi amamumasula, n'kubwerera m'madzi kukadyetsa ndere zina. Apa nyanja yayamba kudzithirira yokha feteleza. Pamatulukanso mpweya wonunkha ngati mazira owola, umene ndi poizoni kwa nsomba.

Izi zachitika ku nyanja zazikulu, osati madamu ang'ono okha. Nyanja ya Victoria inasintha chonchi m'zaka za m'ma 1900 pamene anthu, minda ndi mizinda zinachuluka mozungulira, ndipo madzi ake akuya anayamba kusowa okosijeni kwa miyezi yambiri pachaka.

N'chifukwa chiyani nsomba zimapezeka zitafa m'mamawa, osati masana?

Masana ndere zimapanga okosijeni, moti dziwe lobiriwira limakhala ndi wochuluka kwambiri chakumadzulo. Dzuwa likalowa zimasiya kupanga koma sizisiya kupuma. Usiku wonse chamoyo chilichonse chimangochotsa, palibe wobwezera, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakucha. Mukaona nsomba zikutulutsa milomo pamwamba pa madzi tambala akulira, musadikire: lowetsani madzi atsopano, vundulani pamwamba ndi nthambi kapena ndowa, ndipo tsiku limenelo musathire chakudya kapena manyowa.

Masiku oopsa ndi a kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene kuchigwa kuno kumapitirira madigiri 40, makamaka kukachita mitambo masiku angapo popanda mphepo. Mvula yoyamba nayo imapha, chifukwa imakokolola ndowe, phulusa ndi zinyalala za chilimwe chonse n'kuzithira m'madzi nthawi imodzi. Mukapeza pende zafa koma milamba ili moyo, ganizirani za mpweya musanaganize za katupe kapena mankhwala, chifukwa mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja.

Posambira timamva madzi a pansi akuzizira. Zimenezi zili ndi ntchito?

Zili nayo yaikulu. Madzi ofunda ndi opepuka, amakhala pamwamba. Ozizira ndi olemera, amakhala pansi. M'nyanja yakuya magawo awiriwa amakhala miyezi osasakanikirana. Pamwamba pali dzuwa ndi okosijeni koma michere imatha msanga. Pansi pali michere yambiri yochokera ku zowola koma kulibe kuwala, ndipo okosijeni amanka nachepa. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi madzi a pamwamba amazizira, mphepo imawomba, magawowo amasakanikirana, michere n'kukwera. Pamenepo ndere ndi tizilombo zimachuluka ngakhale mitsinje yaphwa.

Nyanja ya Malawi, imene ku Mozambique timaitcha Niassa, ndi chitsanzo chachikulu. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita ngati 250 kulibe okosijeni chaka chonse, choncho kulibe nsomba. Michere yambiri imakhala yotsekeredwa pansipo. Mphepo ya mwera ikamawomba kuyambira cha m'Meyi imakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kum'mwera kumakwera madzi ozizira a michere. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dera la Mangochi lakhala lolemera ndi chambo, usipa ndi utaka kuposa madera akuya a kumpoto.

Cahora Bassa ndi yosiyana. Pa avareji ndi yakuya mamita ngati 20, ngakhale pafupi ndi khoma la damu, lotalika mamita 171, ndi yakuya zedi. Chofunika kwambiri n'chakuti ndi mtsinje woimitsidwa: madzi olowa ndi otuluka ndi ambiri moti amasinthika m'nthawi yochepa, pamene a m'nyanja ya Malawi amatenga zaka mazana. Kusinthika msangaku kumaiteteza, ngakhale m'magombe obisika, momwe madzi sayenda, ndere zimatha kuunjikana.

Madzi obiriwira tingamwe titawawiritsa?

Musamwe. Kuwiritsa kumapha majeremusi a kolera ndi a kutsekula m'mimba, koma sikuwononga poizoni wa ndere zobiriwira mobuluwira. Kumangophulitsa nderezo, poizoniyo n'kutulukira m'madzi. Poizoni wofala kwambiri amawononga chiwindi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika malire a maikulogalamu imodzi yokha (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a miligalamu) pa lita m'madzi akumwa a tsiku ndi tsiku.

Si ndere zonse zobiriwira zimene zili ndi poizoni, koma ndi maso simungasiyanitse. Chenjerani ndi madzi ooneka ngati mwathiridwa penti wobiriwira, okhala ndi thovu lokankhidwira kugombe ndi mphepo, ndi onunkha. Ana asasambemo. Ziweto ndi zimene zimafa kwambiri chifukwa zimamwera kugombe komwe thovulo launjikana. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo boma la kumeneko linati chinazipha ndi poizoni wa ndere zotere m'zithaphwi. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa ku Chivero pa chifukwa chofananacho. Ngati chipembere chikugwa, mbuzi siingapirire.

Nayitirojeni naye akachuluka m'chitsime ndi woopsa kwa makanda. Malire a WHO ndi mamiligalamu 50 a nayitireti pa lita, ndipo zitsime zimene zimapitirira ndi zokumbidwa pafupi ndi chimbudzi, khola kapena dimba lothiridwa feteleza wambiri.

Ndiye madzi oyera mbee ndiwo abwino?

Oyera amatanthauza kuti ndere ndi matope ndi zochepa, basi. Likodzo ndi kolera zimakhalamo m'madzi oyera. Mankhwala a mekyule amene ena amagwiritsa ntchito pochapa golide saoneka, koma amalowa mu tizilombo, m'nsomba zazing'ono, n'kukaunjikana kwambiri mu nsomba zazikulu zodya zinzake.

Namasupuni akugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Namasupuni ndi wochokera ku South America. Amayandama, mizu yake imamwa michere m'madzi mwachindunji, ndipo pa madzi achonde amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha. Akaphimba pamwamba, kuwala ndi mpweya sizilowa, mabwato sadutsa, nkhono za likodzo ndi udzudzu zimapeza malo. Anthu a m'mbali mwa Shire akumudziwa bwino, chimodzimodzi a ku Victoria kumene anavuta kwambiri m'zaka za m'ma 1990.

Kariba ili ndi phunziro lake. Nyanjayo itangodzaza, nkhalango ndi udzu womizidwa zinawola n'kutulutsa michere yambiri, ndipo chomera china choyandama chotchedwa Salvinia chinaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja yonse cha m'ma 1962. Michere ya poyambayo itachepa, chomeracho chinachepanso, mothandizidwa ndi tizilombo tochidya timene anabweretsa. Kuzula namasupuni n'kofunika, ndipo mukamuzula mumutayire kumtunda kuti akhale manyowa, osamusiya awolere m'madzi momwemo. Koma ngati chimene chikumudyetsa chikulowabe, abweranso.

Madzi a m'nyanja akatsika kwambiri, monga pa chilala cha 2024, nsomba zimapindula kapena zimaluza?

Zonse ziwiri, pa nthawi zosiyana. Madzi akatsika, malo oswanirana a m'mbali amauma, nsomba zimapanikizana, maukonde amazipeza mosavuta, ndipo asodzi amaona ngati zinthu zili bwino pamene akugwira makolo a nsomba za mawa. Koma pagombe louma pamamera udzu, ng'ombe ndi mvuu zimadya n'kusiya ndowe. Madzi akadzakweranso, udzu ndi ndowezo zimawola, michere imalowa, ana a nsomba amapeza chakudya ndi pobisala. Chaka chotere chingabwezeretse zambiri, ngati tisiya kukokolola tianato ndi maneti a udzudzu. Pa nkhani ya manetiyi sindibisa maganizo anga: njala ndi yeniyeni, koma neti yotere imatenga nsomba isanafike pa msinkhu woikira mazira, ndipo palibe chonde cha m'madzi chimene chingabweze zimenezo.

Nanga anthu a kunsi kwa damu, kuyambira ku Tete mpaka kunyanja yamchere?

Iwo vuto lawo ndi losiyana: michere inachepa. Kale Zambezi ankasefukira chaka ndi chaka n'kusiya matope achonde m'minda ya m'zigwa za Mutarara, Caia ndi Marromeu, ndipo nsomba zinkaswanira m'madambo osefukirawo. Tsopano matope ambiri amatsalira pansi pa Kariba ndi Cahora Bassa, ndipo madzi amatulutsidwa molingana ndi ntchito ya magetsi, amene pa Cahora Bassa amafika mamegawati 2,075. Madzi osefukira akuluakulu amabwerabe, monga mu 1978, 2001 ndi 2008, koma kusefukira kwa chaka ndi chaka kuja kunasokonekera. Ofufuza anasonyeza kuti kusinthaku kunakhudza madambo a kumathiriro kwa mtsinje ndi usodzi wa nkhanu za m'nyanja zotchedwa camarão pa gombe la Sofala. Magetsi tikuwafuna, koma powerengera phindu la damu lililonse latsopano pa Zambezi, matope ndi kusefukira ziyenera kulowa m'chiwerengerocho.

Alangizi amatiuza kuthira manyowa m'dziwe la nsomba. Si kudzitsutsa kumeneku?

Si kudzitsutsa. M'dziwe mukufuna madzi obiriwira pang'ono chifukwa ndicho chakudya cha pende, ndipo inu ndi amene mukulamula mlingo. Ikani manyowa m'kakhola ka timitengo pakona ya dziwe kapena m'thumba, pang'onopang'ono, osakhuthula ngolo yonse. Poyeza, lowetsani mkono m'madzi mutatambasula chikhatho. Chikhatho chikasiya kuoneka madzi atafika cha pachigongono, zili bwino. Chikamaonekabe mkono wonse utalowa, dziwe lili ndi njala. Chikasowa madzi atangopitirira pamfundo ya dzanja, siyani kuthira ndipo lowetsani madzi atsopano. Onetsetsani mtundu wake: madzi ofiirira ndi matope, osati chakudya.

Asayansi amachita zofananazo ndi mbale yoyera yomangiriridwa ku chingwe, imene amaimiza mpaka itasiya kuoneka n'kuyeza chingwecho. Njirayi inayamba ndi Angelo Secchi wa ku Italy mu 1865 ndipo ikugwirabe ntchito. Kalasi iliyonse ikhoza kupanga yake ndi chivundikiro cha ndowa chopakidwa penti woyera, n'kumalemba muyeso wa damu la pafupi mwezi ndi mwezi. Kaundula wotere wa zaka zingapo ndi sayansi yeniyeni.

Pokhuthula dziwe, madzi ake ndi matope a pansi athireni m'dimba la ndiwo zamasamba, osati mumtsinje.

Makola a nsomba oyandama a m'nyanja sawononga madzi?

Zimadalira kuchuluka kwake ndi malo. Chakudya chimene nsomba sizinadye ndi zonyansa zawo zimagwera m'nyanja mwachindunji, ndipo gawo lalikulu la nayitirojeni ndi fosiforasi wa m'chakudyacho silikhala mnofu wa nsomba. Pa malo akuya, oyenda madzi, nyanja yaikulu ngati Cahora Bassa imatha kusungunula zambiri. M'gombe losaya, lotsekeka, makola ochuluka amadzipha okha. Ulimi umenewu ukubweretsa ntchito ndi ndiwo, ndipo ndi woyenera kuulimbikitsa. Chofunika ndi kuyeza madzi nthawi ndi nthawi ndi kudziwa malire a gombe lililonse makola asanadzaze.

Mlimi wamba angachite chiyani?

Chimene chimateteza madzi ndi chomwecho chimene chimateteza thumba lake. Mu thumba la yureya la makilogalamu 50 muli nayitirojeni wa makilogalamu 23, wogulidwa ndi mametikali ovuta kupeza. Akamwazidwa pamwamba mvula yamphamvu ili pafupi, wambiri amapita ndi madzi kapena kuuluka. Kumbani kadzenje pafupi ndi phando, thirani, kwirirani. Fosiforasi amayenda atamatirira ku dothi, choncho chilichonse choletsa kukokoloka kwa nthaka chimamusunga m'munda: akalozera, udzu wa vetiva, kusiya mapesi m'munda m'malo mowatentha, kutseka zigwembe zikadali zazing'ono. Soya, nandolo, mtedza ndi mitengo ya msangu zimabweretsa nayitirojeni wawo, n'kuchepetsa wogula.

Chovuta kwambiri ndi m'mbali mwa mtsinje. Mabanja ambiri amadalira dimba kuti adutse miyezi ya njala, ndipo kungowauza kuti achokepo sikuthandiza. Koma pakati pa mzere womaliza ndi madzi pakhale bango, udzu ndi mitengo. Mzere wa bango, udzu ndi mitengo umenewo umachedwetsa madzi, dothi limadikha, mizu imamwa michere isanalowe mumtsinje. Dambo losaphwetsedwa limagwira ntchito yomweyo kwa mudzi wonse. Khola, chimbudzi ndi dzala zikhale kutali ndi chitsime ndi gombe, ndipo pochapa tungani madzi mukachapire kumtunda. Mafumu ali ndi mawu pa nkhani zimenezi kuposa buku lililonse.

Nyanja kapena damu likawonongeka lingachire?

Lingachire ngati gwero latsekedwa. Nyanja ya Washington ku America inali yobiriwira ndi madzi oipa a mumzinda. Pakati pa 1963 ndi 1968 madziwo anawapatutsira kwina, ndipo m'zaka zochepa inayeranso. Madamu osaya amachedwa, chifukwa fosiforasi amene anaunjikana m'matope amapitiriza kutuluka kwa zaka zambiri. Damu laling'ono la pamudzi lili ndi mwayi umodzi: likaphwa m'chilimwe mukhoza kukumba matopewo n'kuwatutira kumunda, damulo n'kubwezeretsanso kuya kwake.

Nsomba zimene tazipeza zitafa zokha tingadye kapena kuyanika n'kugulitsa?

Ayi. Simukudziwa chimene chazipha kapena nthawi imene zafera, ndipo m'kutentha kwa kuno nsomba imayamba kuwola m'maola ochepa. Mchere, dzuwa ndi utsi sizichotsa poizoni wa ndere kapena wa mankhwala. Zikwirireni kutali ndi madzi, agalu ndi nkhumba asazifikire. Dziwitsani amfumu ndi a zausodzi a ku boma lanu tsiku lomwelo, ndipo ngati mungathe tungani madzi a pamalopo m'botolo loyera, mulembe tsiku, nthawi, mtundu wa madzi ndi mitundu ya nsomba zimene zafa. Nsomba zamoyo zogwidwa m'madzi obiriwira kwambiri muzichotse matumbo ndi chiwindi, muzitsuke ndi madzi a pamjigo musanaphike.